Momwe mungagwirire nzeru yatsopano isanathawe, n'kuiyesa musanawononge mpamba

Anthu ambiri amene amadandaula kuti mutu wawo sutulutsa zachilendo amakhala kuti nzeru zimawabwerera ndithu, koma zimawapeza ali pa kabaza potsika ku Bembeke, akupalira mbatatesi kudimba, kapena akudikira basi pa Lizulu. Akafika pakhomo, ntchito ndi phokoso la ana zimakwirira zonse, ndipo pofika mawa amangokumbukira kuti dzulo anaganiza kanthu kabwino, koma kanthuko sikakudziwikanso. Ena ganizo likangowakomera amathamangira kubanki mkhonde sabata yomweyo, ndipo pakatha miyezi iwiri amatsala ndi katundu wosagulika pamodzi ndi ngongole. Palinso ambiri amene anasiya kudzikhulupirira, moti amangodikira mnansi ayambe kanthu kuti nawonso ayambe komweko, n'chifukwa chake pamsika umodzi mumapeza ziwaya za tchipisi zitandandana, zonse zikulimbirana anthu omwewo.

Malangizo otsatirawa ndi a mlimi, telala, mphunzitsi, wophunzira, kapena aliyense amene akufuna kuzoloweretsa mutu wake kupeza njira zakezake. Muwatsate mwezi umodzi wathunthu musanaweruze ngati akuthandizani.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope laling'ono lokwana m'thumba, lopatulidwira ntchito iyi yokha. Musalembemo ngongole za makasitomala kapena nyimbo za kwaya, chifukwa kope losakaniza zinthu limathera m'manja mwa ana.
- Pensulo. Bolopeni imakana kulemba pepala likanyowa ndi mame kapena nkhungu ya m'mawa wa Juni, pamene pensulo imalembabe.
- Foni yojambula mawu, ngati muli nayo ndipo kulemba kumakuchedwetsani.
- Katoni yosungiramo zotsalira za ntchito yanu, monga zidutswa za nsalu, mawaya, timatabwa, mabotolo kapena dongo.
- Mphindi 20 tsiku lililonse zimene muli nokha.
- Ndalama yoyesera yochepa, yoti itatayika banja silingagone ndi njala. Muiike padera musanayambe, ndipo isakhale yobwereka.
- Munthu mmodzi amene amakufunirani zabwino koma saopa kukuuzani zoona.

1. Sankhani vuto limodzi ndipo mulilembe ngati funso

Munthu amene wangokhala n'kumati akufuna kutukuka sapeza nzeru, chifukwa maganizo ake alibe pogwira. Pa tsamba loyamba la kope lembani chinthu chimodzi chimene chimakupwetekani kawirikawiri, ndipo muchilembe ngati funso lokhudza inuyo. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu asalembe kuti geni siikuyenda. Alembe kuti, "Nditani naye tomato wofewa amene amatsala madzulo mabasi akasiya kuima?" Telala wa pa boma la Ntcheu angalembe kuti, "Ndingapange chiyani ndi zidutswa za chitenje zimene ndimasesa pansi pa makina?" Funsolo likhoza kukhalanso la khalidwe lanu, monga lakuti mungamayankhe bwanji apongozi popanda kupsa mtima, kapena mungaphunzire bwanji kulankhula pamsonkhano wa kwa amfumu mawu osanjenjemera.

Chenjezo: musasankhe vuto limene yankho lake lili m'manja mwa ena, monga mtengo wa fetereza kapena kuchedwa kwa mvula. Mafunso otere amangobala madandaulo. Ngati fetereza ndiye akukuvutani, funsani kuti mungachulukitse bwanji manyowa ndi ziweto zimene muli nazo.

2. Yendani ndi funsolo, koma musalikakamize

Mu 2014 ofufuza awiri a ku Stanford University ku America, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz, anapeza kuti anthu amatulutsa maganizo atsopano ambiri akamayenda kusiyana ndi atakhala pansi. Kwathu kuno kuyenda sikufuna kukonzekera, chifukwa ulendo wa kudimba, wa kuchigayo kapena wa kumsika ulipo kale. Chimene muyenera kusintha n'chakuti musananyamuke muwerenge funso lanu kamodzi, muike foni m'thumba, muzimitse wailesi, kenako muziyenda mwachizolowezi mukuyang'ana zimene zili m'njira. Maganizo akapita kwina musawabweze mokalipa, chifukwa nthawi zambiri yankho limatulukira pamene mwaleka kulisakasaka.

Chenjezo: kudutsa munthu osam'patsa moni ndi mwano, ndipo palibe nzeru yatsopano imene ingakulipireni mbiri yoti ndinu wodzikuza. Choncho sankhani njira yodutsa anthu ochepa, kapena nyamukani m'mamawa anthu asanachuluke. Nthawi imene mwangodzuka kumene ndi yabwinonso, malinga ngati simunatsegule WhatsApp, chifukwa mukangotsegula, mutu umadzaza ndi nkhani za eni ake.

3. Lembani pomwepo, ndipo musaweruze kufikira maganizo atakwana khumi

Ganizo likabwera, imani pomwepo n'kulilemba, ngakhale mawu atatu okha. Musadzinamize kuti mukalemba mukafika, chifukwa apa ndi pamene ambiri amataya zonse. Ngati ndi chinthu chooneka, chijambuleni mwachisawawa, ndipo musade nkhawa ndi kukhota kwa mizere, popeza palibe wina adzaone.

Lamulo lofunika pa sitepe iyi ndi lakuti funso limodzi likhale ndi mayankho khumi musanasankhe lililonse. Mayankho atatu oyambirira amakhala amene aliyense amawadziwa. Wa tomato uja adzayamba ndi kutsitsa mtengo, kupatsa nkhumba, ndi kudyera kunyumba. Pofika yankho lachisanu mutu umayamba kukana, ndipo ndi pamene ayenera kulimbikira, chifukwa zikubwerazo ndi zimene anzake a pamsika sanaziganize: kudula tomato wofewa koma wosaola n'kumuyanika pa thandala loyera kuti adzagwire ntchito nthawi yosowa, kupangana ndi mwini lesitilanti kuti azitenga wotsalayo madzulo alionse pa mtengo wogwirizana, kusankhula tomato m'mawa n'kuyamba kugulitsa wakupsa kwambiri m'malo momubisa pansi pa mulu, kapena kupikula wochepa masiku amene mabasi amachepa. Ena mwa mayankhowo adzakhala opanda pake, ndipo zimenezo n'zoyenera, chifukwa yankho lopanda pake nthawi zina limatsegulira njira lina lothandiza.

Chenjezo: mudzamva kamawu mumtima kakuti, "Anthu adzati chiyani?" kapena "Zikanakhala zotheka bwenzi ena atachita kale." Nthawi yoyankha kamawu kameneka idzafika pa sitepe 5 ndi 6. Pakadali pano pitirizani kulemba.

4. Kaoneni ntchito za anthu a luso lina, ndipo kafunseni akuluakulu

Zatsopano zambiri zimabadwa pamene munthu watenga njira ya ntchito ina n'kuibweretsa ku ntchito yake. Anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu tili ndi mwayi waukulu pa nkhaniyi, ngakhale kuti ambiri timasiyira alendo malo amene ali pakhomo pathu. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Mukafika pa ena mwa malowa, monga Chencherere, Namzeze kapena Mphunzi, musangojambulitsa chithunzi n'kubwerera. Khalani pansi, sankhani chojambula chimodzi, ndipo muchikopere m'kope mwanu pang'onopang'ono, mukuwerenga timadontho ndi mizere yake. Mukamakopera ndi pamene mumazindikira kuti wojambulayo anagwiritsa ntchito zimene zinali pafupi naye, monga dothi loyera, ndipo anasankha pamwala pamene mvula sifika. Telala angatengepo kayalidwe ka timadontho ka pa kolala, ndipo mmisiri wa zitseko angatengepo mizere. Musakhudze zojambulazo ndi manja, musazithire madzi kuti zioneke bwino, ndipo musalembe dzina lanu pamwalapo.

Ku Mua kuli KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene kuli osema ziboliboli ndiponso nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Pafupi ndi boma la Dedza pali Dedza Pottery, kumene dongo limasanduka makapu ndi mbale. Ngati ulendo wa kumalo amenewa ukukulirani, pitani kwa wokonza njinga, woluka malichero kapena wowotcherera zitsulo wa m'dera lanu, mupemphe kukhala pambali theka la ola, ndipo muone momwe amagwirira chipangizo, chimene amayamba nacho, ndi chimene amachita zikamukanika.

Musaiwale agogo a pamudzi. Pitani ndi kamchere kapena sopo m'manja, khalani pansi mwaulemu, ndipo funsani funso lolunjika, monga lakuti, "Agogo, kale mankhwala a m'sitolo asanabwere, nyemba munkazisunga bwanji kuti zisafumbwe?" Akakufotokozerani za phulusa, funsaninso kuti linkakhala la mtengo wanji, lochuluka bwanji, ndipo ankaika m'chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mayankho otere salembedwa pa intaneti.

Chenjezo: cholinga n'kutenga njira, osati kukopera chinthu chonse cha mwini wake n'kumachigulitsa pafupi ndi iye.

5. Yendetsani ganizolo m'maganizo kuyambira m'mawa mpaka madzulo

Pa mayankho khumi aja sankhani awiri amene akukukokani. Khalani pamalo a phee, tsinzinani, ndipo mudzione mukuchita chinthucho tsiku lonse, mosadumpha kanthu. Mwadzuka nthawi yanji? Zipangizo mwazitenga kuti? Mwanyamula pa chiyani? Munthu woyamba kuchiona wanena chiyani, ndipo mwam'yankha bwanji? Pamene chithunzi chazimirira, pamenepo ndi pamene pali chinthu chimene simukuchidziwa, ndipo muchilembe kuti mukafunse. Wa tomato wouma akhoza kuona bwinobwino kudula ndi kuyanika, koma n'kulephera kuona nkhope ya wogula, ndipo zikatero ntchito yake yotsatira ndi kufufuza ngati wogulayo alipo.

Kenako tembenuzani. Yerekezani kuti papita miyezi itatu ndipo zonse zakanika, ndiye mulembe zifukwa zitatu zimene zachititsa. Njira imeneyi imatulutsa nkhawa zimene munkazibisa chifukwa chokonda ganizo lanu.

Chenjezo: kulingalira ndalama, ulemu ndi njinga yamoto zimene mudzapeze n'kokoma, koma sikukonzekeretsa munthu. Lingalirani ntchitoyo ndi zovuta zake.

6. Mverani mtima, koma muulembe kuti mudziwe pamene umanena zoona

Sitepe iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi pamene anthu amagawikana pawiri: ena amatsata chilichonse chimene mtima wanena, ena amaunyoza kotheratu. Taonani mayi woumba mbiya akamagula kapena kuyesa mbiya yowotcha kumene. Amaikweza ndi dzanja lamanzere, n'kuigogoda kawiri ndi chala chapakati, atapendeketsa mutu. Ikalira mwanthetemya amagwedeza mutu, koma ikalira mogonthera amaiika pambali, ngakhale kuti diso silikuona mng'alu uliwonse. Mukam'funsa chifukwa chake amangoti, "Imeneyi siichedwa." Palibe zamatsenga pamenepa. Khutu lake lamva mbiya zosawerengeka, ndipo nthawi iliyonse linkaona pambuyo pake ngati mbiyayo inasweka kapena ayi.

Mu 2009 akatswiri awiri a za kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Gary Klein, analemba limodzi kuti kumva kwa mumtima kumadalirika pakakhala zinthu ziwiri: ntchitoyo ikhale yotsata dongosolo lobwerezabwereza, ndipo munthuyo akhale ataichita nthawi yaitali akuona msanga zotsatira zake. N'chifukwa chake mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano akaona masamba n'kumva kuti mundamo mwalowa matenda, ndi bwino achitepo kanthu, koma mlimi yemweyo akamva mumtima kuti timu yakutiyakuti iwina ndipo abetche, mtimawo ulibe chimene ukudziwa.

Kuti mudziwe pamene mtima wanu umalondola, tsegulani masamba a kumapeto kwa kope ndipo mujambule mizere itatu yotsika. Mu mzere woyamba lembani tsiku ndi nkhani yake, mu wachiwiri zimene mtima wanena musanachite kanthu, ndipo mu wachitatu zimene zinachitikadi. Muyenera kulemba zotsatira zisanadziwike, chifukwa munthu amakumbukira nthawi zimene mtima unalondola n'kuiwala zimene unaphonya. Pakapita miyezi ingapo mudzaona nokha kuti mwina pa nkhani ya nsalu kapena ya mbewu mumalondola kawirikawiri, koma pa nkhani yokongoza anthu ndalama mumaphonya.

Tsopano tengani maganizo anu awiri aja, munene lililonse mokweza ngati kuti mwasankha kale, ndipo mumve momwe thupi likuyankhira. Ngati mtima ukukana, dzifunseni kuti ukukana chiyani kwenikweni. Ukatha kuloza chinthu, monga chakuti munthu amene mukufuna kugwirizana naye amasintha mawu, mverani. Ukamangobwereza kuti mudzachita manyazi, amenewo ndi mantha, ndipo mantha amabwera pa chinthu chatsopano chilichonse, chabwino kapena choipa.

Machenjezo apa ndi atatu, ndipo ndikuwanena motsindika. Musafunse mtima muli ndi njala, mwakwiya kapena mwamwa mowa. Musalole kumva kwa mumtima kulowa m'malo mwa chipatala, chifukwa malungo amadziwika poyeza magazi. Ndipo musatenge kukayikira kwa mumtima kapena maloto ngati umboni woneneza munthu za ufiti kapena kuba, chifukwa mabanja ambiri apasuka ndipo okalamba osalakwa azunzika chifukwa cha zimenezi.

7. Yesani kakang'ono ndi zimene muli nazo

William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anayamba ndi kachitsanzo kakang'ono, kenako n'kumanga aakulu ndi zitsulo za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Chitani chimodzimodzi. Tsegulani katoni ya zotsalira ija ndipo mupange chinthu chochepetsetsa chimene chingakuuzeni ngati ganizolo lili ndi moyo. Telala asoke timatumba ta foni titatu tokha kuchokera ku zidutswa, atipachike pakhomo la shopu, ndipo aone amene akutigwira ndi amene akufunsa mtengo. Wofuna kuphunzira kulankhula pagulu ayambe ndi kupereka pemphero kapena chilengezo chachifupi ku mphakati kapena ku limana. Dzipatseni masiku asanu ndi awiri, ndipo mulembe zimene mwaona.

Chenjezo: abale akati n'chokongola, sikuti msika wavomera. Umboni ndi munthu amene si mbale wanu akatulutsa ndalama, kapena akabweranso kachiwiri. Ndalama yoyesera ikatha, imani kaye, ndipo musapite kwa a katapila kuti mupitirize.

8. Onetsani munthu wanu mmodzi uja

Musam'funse ngati chili bwino, chifukwa mwaulemu adzavomera. M'funseni mafunso awiri: ndi pati pamene sakumvetsa, ndipo akanakhala iye akanasintha chiyani poyamba. Akamayankha musadziteteze. Lembani, thokozani, ndipo mugonere mawu akewo usiku umodzi musanasankhe oti mutsate.

9. Pakutha kwa mwezi werengani kope lonse

Chongani maganizo amene mwayesa, zungulizani amene akukukokanibe, ndipo sankhani ngati mupitirize ndi funso lomwelo kapena mutsegule lina.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Choyamba ndi kudikira nthawi yabwino, kuti ndidzayamba tikakolola kapena ana akatsegulira sukulu. Mphindi 20 za tsiku lotanganidwa zimabala zambiri kuposa tsiku lathunthu limene silifika.

Chachiwiri ndi kulengeza ganizo pa Facebook kapena pagulu musanaliyese. Anthu akakuyamikirani, mtima umakhuta ngati kuti ntchito yatha kale, ndipo akakusekani mumafooka musanayambe. Komanso kubisa mopitirira n'kulakwa kwina, chifukwa amene amaopa kuberedwa nzeru mpaka osafunsa aliyense amakhala ndi ganizo lake zaka zambiri lili pomwepo. Munthu mmodzi wodalirika ndi wokwanira poyamba.

Ena amasintha funso tsiku lililonse, lero nkhuku, mawa salaula, mkuja uchi, moti palibe funso limene limafika pa yankho lachisanu. Ena akayesa kamodzi n'kukanika amang'amba tsambalo, chonsecho tsamba limenelo ndi limene likanawauza chofunika kusintha. Palinso amene amachezera usiku wonse akuganiza, osadziwa kuti mutu wosagona umangozungulira pa ganizo limodzi.

Cholakwika chomaliza chimakhudza amene amatenga nzeru ku chikhalidwe chathu, makamaka ojambula, osema, oimba ndi osoka. Kayalidwe ka mikanda, kavalidwe ka ngoma ya Angoni kapena mizere ya pa mbiya ndi zinthu zimene anthu amaziona poyera, ndipo mukhoza kuphunzirapo. Koma za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndiponso malamulo ake, ndipo si zonse zimene zingajambulidwe pa malaya kapena kuikidwa pa foni. Ngati ntchito yanu ikukhudza gule wamkulu kapena chinamwali, pitani kaye kwa amfumu kapena kwa anamkungwi, mufotokoze zimene mukufuna kupanga ndi kumene zikagulitsidwe, ndipo akakuletsani mbali ina muisiye.